Pulogalamu Yatha Kulembedwa, Nanga Ifika Bwanji kwa Woigwiritsa Ntchito?

Mu Ogasiti 2014, pa msonkhano wa akatswiri a Debian umene unachitikira ku Portland m'dziko la America, Linus Torvalds anadandaula pamaso pa anthu za vuto limene linkamusowetsa mtendere. Bamboyu ndi amene anayambitsa Linux mu 1991, ndipo zimene analemba zikuyendetsa mafoni a Android ndi maseva ambiri a pa intaneti. Pambali pa ntchito yaikuluyo, iye ndi anzake ankakonza kapulogalamu kotchedwa Subsurface, kosungira mbiri ya maulendo a anthu osambira pansi pa nyanja. Anafotokoza kuti kapulogalamuko ankakakonzera anthu a Windows ndi a Mac mosavuta, koma a Linux ayi. Mitundu ya Linux ndi yambiri, uliwonse uli ndi kaikidwe kake ka mapulogalamu, ndipo chimene chayenda pa Fedora chaka chino chikhoza kukana pa Debian, kapenanso pa Fedora yemweyo chaka chamawa.

Ngati mwini Linux anafika podandaula chomwecho, mphunzitsi amene walemba kapulogalamu kowerengera malikisi a ana angatani? Kulemba pulogalamu ndi theka chabe la ntchito. Theka linalo ndi kuifikitsa m'kompyuta ya munthu wina, amene sadziwa za kalembedwe kake ndipo sakufunikira kudziwa, n'kugwira ntchito tsiku lomwelo. Mapulogalamu abwino ambiri amafera panjira imeneyi. Nkhani ya mmene anthu akhala akulimbanirana ndi vutoli ndi yaitali, ndipo mbali yake yophunzitsa kwambiri inachokera ku kagulu kochepa ka anthu okonda chilankhulo cha makompyuta chotchedwa Tcl.

Script siyenda yokha

Mapulogalamu amalembedwa m'njira ziwiri zikuluzikulu. Ena, monga olembedwa mu C, amayamba asandutsidwa kukhala manambala amene makina amamva mwachindunji. Akasandutsidwa amathamanga kwambiri, koma amayenda pa mtundu umodzi wokha wa kompyuta: wokonzera Windows sungayende pa Mac. Ena amasiyidwa ali mawu owerengeka, ndipo amatchedwa script. Zilankhulo zake ndi monga Python, Perl, Ruby, PHP, JavaScript ndi Tcl. Kuti script iyende, pamafunika pulogalamu ina yoiwerenga mzere ndi mzere n'kumauza makina chochita. Imeneyi akatswiri amaitcha interpreter, ndipo pano tiitcha chomasulira.

Ubwino wa script ndi woti mawu omwewo akhoza kuyenda pa Windows, pa macOS ndi pa Linux osasintha kanthu. Ili ngati kaseti ya nyimbo: imalira m'wailesi iliyonse ya kaseti, koma popanda wailesiyo ndi pulasitiki chabe. Choncho wolandira script ayenera kukhala ndi chomasulira, ndipo chikhale cha mtundu woyenera. Anthu a Python amaidziwa bwino nkhaniyi. Python 3 inatuluka mu 2008 ili yosagwirizana ndi Python 2 pa zinthu zingapo, ndipo mitundu iwiriyi inayenda pamodzi mpaka pa 1 Januwale 2020, pamene Python 2 inasiya kusamalidwa. Zaka zonsezo, script yolembera mtundu umodzi inkatha kufa pa mzere woyamba ikakumana ndi mtundu winawo.

Si chomasulira chokha. Palibe amene amalemba chilichonse yekha. Aliyense amabwereka zidutswa zolembedwa kale ndi ena, zotchedwa malaibulale. Laibulale ina imajambula matebulo, ina imawerenga mafayilo a Excel, ina imabisa mauthenga. Iliyonse imadaliranso malaibulale ena, ndipo ena mwa iwo ali ndi zigawo za C zimene ziyenera kukonzedwa padera pa mtundu uliwonse wa kompyuta. Mapeto ake wolandira amapatsidwa tsamba la malangizo: tsitsani ichi, kenako icho, lembani lamulo ili pa windo lakuda, mukaona uthenga wofiira yesani njira ina. Namwino kapena kalaliki akafika pa sitepe yachitatu amasiya, ndipo wolemba uja akafunsidwa amayankha mawu odziwika m'ntchitoyi, akuti pa kompyuta yake zikuyenda bwinobwino.

Kudalira kutsitsa zidutswa pa intaneti kuli ndi ngozi yakenso. Mu Malichi 2016, wolemba mapulogalamu wina atasemphana ndi oyendetsa npm, nkhokwe ya malaibulale a JavaScript, anachotsamo zonse zimene anaikamo. Chimodzi mwa izo chinali left-pad, cha mizere 11 yokha. Mapulojekiti zikwizikwi, kuphatikizapo akuluakulu monga Babel, analephera kumangika mpaka oyendetsa nkhokweyo atachibwezeretsa.

Nzeru ya Starkit

Tcl inayambitsidwa ndi John Ousterhout pa yunivesite ya California ku Berkeley mu 1988. Patapita zaka zochepa anawonjezera Tk, chida chojambulira mawindo ndi mabatani, ndipo pofika pakati pa zaka za m'ma 1990 pulogalamu imodzi ya Tcl ndi Tk inkatha kuoneka pa Unix, pa Windows ndi pa Macintosh. Mu 1997 bungwe la ACM linamupatsa mphoto ya Software System Award chifukwa cha ntchitoyi. Kulemba kunali kutapepuka, koma kufikitsa kunali kukadali kolemera: chomasulira cha Tcl chinkabwera ndi mafayilo mazanamazana ofunika kukhala m'mafoda ake enieni.

Amene anauona mtolowu n'kufuna kuuchepetsa anali Jean-Claude Wippler wa ku Netherlands. Iye anali atalemba kale Metakit, kadatabesi kakang'ono kosunga zinthu zonse m'fayilo imodzi. Anatenga chomasulira cha Tcl, Tk, Metakit ndi mafayilo onse othandizira, n'kuzimanga kukhala fayilo imodzi yotchedwa Tclkit. Kukula kwake kunali megabaiti imodzi kapena ziwiri. Panali Tclkit ya Windows, ya Linux, ya Mac, ya Solaris ndi ya makina ena ambiri, ndipo sinkafuna kuikidwa mwamwambo uliwonse. Munthu ankangoikopera pamene wafuna.

Mbali yachiwiri inali pulogalamu yeniyeniyo. Wolemba ankasonkhanitsa ma script ake, zithunzi, malaibulale ndi malangizo m'foda imodzi, ndipo chida chotchedwa SDX chinkakulunga fodayo kukhala fayilo imodzi, Starkit. Steve Landers wa ku Australia, amene ankagwira ntchitoyi pamodzi ndi Wippler, anaifotokoza njirayi pa msonkhano wa Tcl ku Vancouver mu 2002. Chaka chomwecho kunatuluka Tcl 8.4, imene inali ndi luso lofunika kwambiri pa nkhaniyi, lokonzedwa makamaka ndi Vince Darley: kutha kuona mkati mwa fayilo imodzi ngati kuti ndi mafoda enieni a pa disiki.

Apa ndi pamene pali phata. Starkit ikatsegulidwa sinkamasulidwa n'kumwazidwa m'kompyuta. Pulogalamu ikapempha chithunzi cha m'foda yakuti, Tcl inkachitenga mkati mwa fayilo ija, ndipo pulogalamuyo sinkadziwa n'komwe kuti fodayo kulibe pa disiki. Wolemba sankafunika kusintha kalembedwe kake. Laibulale ikakhala ndi zigawo za C, ankaika za Windows, za Linux ndi za Mac m'mafoda osiyana mkati mwa Starkit yomweyo, ndipo poyenda pankasankhidwa choyenera. Chigawo chimenecho chokha ndi chimene chinkakoperedwa panja kwa kanthawi, chifukwa makina sangachikweze chili mkati.

Motero zinthu zinagawidwa pawiri moonekeratu. Chimene chimasiyana malinga ndi makina chinali mu Tclkit, ndipo chinkakonzedwa kamodzi ndi anthu odziwa. Chimene chili chofanana paliponse chinali mu Starkit. Kuika pulogalamu kunasanduka kukopera, kuichotsa kunasanduka kufufuta fayilo. Panalibe chotsalira, panalibe kupempha chilolezo kwa woyang'anira makompyuta a pa ofesi, ndipo mitundu iwiri ya pulogalamu imodzi inkatha kukhala pamodzi osakangana.

Kwa wolandira amene ngakhale mafayilo awiri amuchulukira, panali Starpack: Tclkit ndi Starkit zolumikizidwa kukhala fayilo imodzi yongodina. Popeza kupanga Starpack kunali kungolumikiza zinthu ziwiri zokonzedwa kale, munthu wokhala pa Linux ankatha kupangira anzake a Windows fayilo ya exe popanda kukhudza kompyuta ya Windows. Mpaka lero zida zambiri zatsopano sizichita zimenezi. PyInstaller, imene anthu a Python amaidalira kwambiri, imafuna kuti fayilo ya Windows ipangidwire pa Windows, ya Mac pa Mac.

Mndandanda uli kumapeto

Tcl sinakhale chilankhulo cha unyinji, ngakhale ikupezekabe m'malo ofunika: chida cha gitk chinalembedwa mu Tcl, databesi ya SQLite inayamba ngati chowonjezera cha Tcl, ndipo Python imagwiritsabe ntchito Tk pojambula mawindo. Koma ganizo la fayilo imodzi linamera m'zilankhulo zina mwa njira zawozawo, ndipo zambiri zinatsamira pa ZIP, kasungidwe ka mafayilo kamene Phil Katz anatulutsa mu 1989.

ZIP ili ndi khalidwe limodzi lothandiza kwambiri. Mndandanda wa zimene zili mkati mwake umalembedwa kumapeto kwa fayilo, osati kumayambiriro. Makina akafuna kuyendetsa pulogalamu amawerenga kuyambira kumutu, pamene chowerenga ZIP chimayambira kumchira. Choncho fayilo imodzi ikhoza kukhala pulogalamu kutsogolo ndi ZIP kumbuyo, ndipo mbali zonse ziwiri zimagwira ntchito. Chomasulira chimayamba, n'kudzitsegula chokha ngati ZIP, n'kupezamo ma script oti chiyendetse.

Java inatengera ZIP pa mafayilo ake a JAR. Python inayamba kuwerenga malaibulale kuchokera mu ZIP mu 2003, inatha kuyendetsa ZIP yonse ngati pulogalamu mu 2008, ndipo mu 2015 Python 3.5 inabwera ndi chida cha zipapp chopangira mafayilo oterewa. Kampani ya Twitter inakonza PEX ndipo LinkedIn inakonza shiv, zonse zomangira pulogalamu ya Python ndi malaibulale ake m'fayilo imodzi. PHP ili ndi phar, Perl ili ndi PAR. Ku JavaScript, Deno inawonjezera lamulo lopangira fayilo yoyenda yokha mu Disembala 2020, ndipo Node.js inayamba kuyesa zofanana mu 2023. Justine Tunney anapita patali ndi redbean, seva ya intaneti yoyendetsa ma script a Lua imene ndi fayilo imodzi ya ZIP yoyenda pa Windows, macOS, Linux ndi mitundu ya BSD popanda kusintha. Tcl nayo, mu mtundu wa 9.0 umene unatuluka mu Seputembala 2024, inalowetsa kuwerenga ZIP m'thupi mwake, kotero kuti chimene kale chinali luso la kagulu kapambali tsopano chimabwera ndi chilankhulocho.

Ngakhale Subsurface ija inapeza njira. Patapita chaka chimodzi kuchokera pa dandaulo la ku Portland, inayamba kugawidwa ngati AppImage, njira ya Simon Peter ya ku Germany imene mfundo yake ndi yomweyo: pulogalamu imodzi, fayilo imodzi.

Njira ya katundu wolemera

Pali njira ina imene yafala kuposa zonsezi, ndipo ndi yonyamula chilichonse. Mu 2013 kampani ya GitHub inayamba chida chimene pambuyo pake chinatchedwa Electron. Pulogalamu ya Electron imalembedwa mu JavaScript, ndipo imabwera ndi Node.js yakeyake pamodzi ndi Chromium yonse, injini yomwe ija ya msakatuli wa Chrome. Visual Studio Code, Slack ndi Discord amayenda motero. Kampani imalemba kamodzi n'kugawira anthu a Windows, a Mac ndi a Linux, ndipo ogwiritsa ntchito amangodina. Mtengo wake ndi kulemera: ngakhale kapulogalamu kosachita zambiri kamadutsa mamegabaiti 100 kakaikidwa, ndipo munthu amene ali ndi mapulogalamu asanu oterewa wasunga Chromium kasanu.

Chaka chomwecho cha 2013, Solomon Hykes anaonetsa Docker. Iyi imanyamula pulogalamu, chomasulira, malaibulale ndi pafupifupi Linux yonse kupatula mtima wake, n'kuziika m'bokosi lotsekeka. Pa maseva yathandiza kwambiri, chifukwa chimene chayesedwa pa kompyuta ya wolemba ndi chimenenso chimakayenda kwa kasitomala. Koma Docker ndi chida cha akatswiri. Pa Windows ndi pa Mac imayamba yadzutsa Linux yobisika mkati, ndipo si chinthu chopatsa mlembi wa pa sukulu.

Kusiyana kwa Tclkit ya megabaiti ziwiri ndi Electron ya mamegabaiti oposa 100 kukusonyeza chimene olemba mapulogalamu ambiri anayamba kuganiza: kuti aliyense ali ndi disiki yaikulu, intaneti yothamanga ndi kompyuta yatsopano.

Walira mvula walira matope

Kumanga zonse m'fayilo imodzi kuli ndi mavuto ake, ndipo anthu a Debian amene Torvalds ankawadandaulira anali ndi zifukwa zomveka. Malamulo awo amaletsa kuti pulogalamu izinyamula makope akeake a malaibulale a ena. Laibulale ikakhala imodzi m'kompyuta yonse, cholakwika chikapezeka chimakonzedwa kamodzi ndipo mapulogalamu onse amatetezeka. Mu Epulo 2014, pamene chiboo chotchedwa Heartbleed chinapezeka mu laibulale ya OpenSSL, amene ankadalira laibulale yogawana anangotsitsa yokonzedwa n'kuyambitsanso maseva. Amene anali ndi kope lobisika mkati mwa pulogalamu anadikira kuti mwini pulogalamuyo atulutse yatsopano.

Phunziro lowawa kwambiri linabwera mu Disembala 2021 ndi chiboo cha Log4Shell mu Log4j, laibulale ya Java yolembera zochitika. Inali itakulungidwa m'mafayilo a JAR, amene nawonso anali mkati mwa ma JAR ena, moti makampani ndi maboma ambiri sankadziwa ngati ali nayo kapena ayi. Mu 2022 komiti ya boma la America younika za chitetezo cha makompyuta inanena kuti chiboochi chidzapezekabe m'makina kwa zaka khumi kapena kuposa. Wolemba amene wasankha kunyamula malaibulale a ena wasenzanso udindo wowatsatira, ndipo udindowo sutha tsiku limene wagawa pulogalamu.

Apa kugawa pawiri kwa Starkit kukuonetsa nzeru ina. Chomasulira chikakhala padera, chikhoza kusinthidwa popanda kukhudza pulogalamu, ndipo pulogalamu ikhoza kusinthidwa popanda kutsitsanso chomasulira. Wippler anakonzanso njira yotchedwa Starsync, imene inkatsitsa zigawo zosintha zokha za Starkit. Starpack inkataya ubwino umenewu posinthanitsa ndi kupepuka kwa kudina kamodzi, ndipo wolemba ankasankha yekha chimene chikuyenera anthu ake.

Mavuto ena abwera ndi nthawi. Kuyambira mu 2019, macOS imakana kutsegula mwachisawawa pulogalamu yotsitsidwa imene sinasainidwe ndi kuunikidwa ndi Apple, ndipo kuti wolemba achite zimenezi amalipira chaka ndi chaka. Windows nayo imachenjeza za mafayilo osasainidwa. Mapulogalamu oteteza ku mavairasi nthawi zina amagwira mafayilo a PyInstaller osalakwa, chifukwa olemba mavairasi amagwiritsanso ntchito chida chomwecho. Kuyambira mu Novembala 2020, pamene Apple inatulutsa makompyuta a M1, Mac imodzi yasanduka mitundu iwiri yofunika kuikonzera. Chitetezo chimenechi chili ndi chifukwa chake, koma chimalemera kwambiri pa wolemba wamng'ono wopanda kampani kumbuyo kwake.

Kumene intaneti ndi ya bandulo

Kwa munthu amene amagula intaneti ya bandulo, kukula kwa fayilo ndi ndalama. Kwa ofesi imene magetsi amathima pakati pa kutsitsa, sitepe iliyonse yofuna intaneti ndi malo amene ntchito ikhoza kuimira. Nkhani ya fayilo imodzi yokopera pa fulashi ndi yofunika kwambiri kuno kuposa kumene inayambira.

Malawi ili ndi mbiri yake pa zimenezi. Mu 2001, Gerry Douglas ndi anzake a Baobab Health anayamba kuika makompyuta ongokhudza pa sikirini m'chipatala chachikulu cha ku Lilongwe, chimene lero ndi Kamuzu Central. Pulogalamu yawo yotsatira odwala olandira ma ARV inalembedwa mu Ruby on Rails, ndipo inkayenda pa seva ya pachipatala pomwepo, yothandizidwa ndi mabatire, kuti ntchito isaime netiweki kapena magetsi zikapita. Makina oterewa akafalikira m'zipatala zambiri, funso la kafikitsidwe limakula: kusintha kulikonse kuyenera kufika pa seva iliyonse, n'kuyenda mofanana ku Nsanje ndi ku Karonga.

Bungwe la Learning Equality la ku San Diego linakonza Kolibri, pulogalamu yophunzirira yopangira masukulu opanda intaneti, imene inatuluka mu 2017. Inalembedwa mu Python, ndipo mwa njira zimene amaigawira muli fayilo imodzi ya PEX. Maphunziro ake akhoza kulowetsedwa kuchokera pa fulashi kapena pa kompyuta ina yapafupi. Okonza ake anayamba ndi kuganizira sukulu imene ilibe netiweki, kenako n'kusankha zida zogwirizana ndi sukuluyo.

Dongosolo limeneli ndi loyenera kulitsatira. Achinyamata amene akuphunzira Python ndi JavaScript m'makoleji athu amaphunzitsidwa kulemba, ndipo ntchito yawo imayesedwa pa laputopu yawo yomwe, pamene chilichonse chinaikidwa kale. Mayeso enieni ndi ena: tengani pulogalamuyo pa fulashi, pitani nayo pa kompyuta imene sinaonepo Python, zimitsani intaneti, mupatse munthu amene sadziwa kulemba mapulogalamu, inu mukhale chete. Ikayenda, ntchito yatha. Ikakana, pali zofunika kukonza, ndipo zida zilipo zaulere: zipapp ndi PEX pamene Python ilipo kale, PyInstaller pamene kulibe, Deno kwa olemba JavaScript, Tcl 9 kwa ofuna kanthu kakang'ono ka mawindo.

Mabungwe ndi maofesi amene amalemba ntchito okonza mapulogalamu nawo ali ndi mbali yawo. M'pangano muzilembedwa kuti pulogalamu idzaikidwa popanda intaneti, kuti mndandanda wa malaibulale onse amene ali mkati udzaperekedwa, ndiponso kuti ndani adzatulutsa yatsopano chiboo chikapezeka, kwa zaka zingati. Mafunso atatuwa ndi otsika mtengo kuwafunsa pachiyambi, koma amadula kwambiri akafunsidwa mochedwa. Mtolo wa kafikitsidwe sutha. Umangosamuka kuchoka kwa munthu wina kupita kwa wina. Wolemba akausenza kamodzi, wapeputsa anthu onse amene adzagwiritse ntchito pulogalamu yake, ndipo iye ndi amene ali ndi luso lousenza.